Nyumba ya a Mhango ku Biwi

Nkhani iyi sindinauzepo munthu. Mayi anu anapita kumanda osaidziwa, abusa atatu amene ndatumikira nawo sanaimve, ndipo inu ana anga mukandifunsa za ntchito yanga yomaliza ndimangoti ndinali pa kampani ina yobwereketsa ndalama, kenako ndimasintha nkhani. Tsopano dzanja layamba kunjenjemera, choncho ndaona kuti ndilembe ndikadali wokhoza kugwira cholembera. Muwerenge mpaka kumapeto.

1979 mpaka 1999

Ndinafika mu Lilongwe kuchokera kwathu ku Ntcheu ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndisakudziwa kulemba ngakhale dzina langa. Ntchito yoyamba inali yonyamula matumba pa kampani ina yogulitsa simenti ndi malata. Patatha zaka zitatu bwana wa pamenepo anaona kuti sindiba ndiponso sindimwa, ndiye anandipatsa njinga nandisandutsa mesenjala. Makalata ndinkawazindikira ndi maonekedwe: envulopu yaitali yakhaki ndi ya kubanki, ya chidindo chofiira ndi ya kwa a msonkho. Tsiku lina ndinasokoneza awiri, ndipo kalaliki wina, wamng'ono kwa ine, anandinena pamaso pa anthu kuti, "Njinga ija ikanakhala ndi maso bwenzi ikupita yokha, inu mukungoilemetsa." Mawu amenewo ndi amene anandilowetsa sukulu ya kwacha. Nditadziwa zilembo ndinapitiriza makalasi a madzulo, mpaka ndinalemba mayeso a Sitandade 8 ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Nditalowa m'chipinda cha mayeso ana onse anaimirira, kuyesa kuti ndine woyang'anira.

Chingerezi changa chinali cha pa sitolo: matumba angati, tsiku liti, walandira ndani. Koma ku Kawale, kumene ndinapeza poloti ndi kumanga nyumba yathuyi, chinali chokwanira kuti anthu azinditcha wophunzira. Ankabwera ndi makalata ochokera ku Joni, mabilu a madzi, zikalata za kuchipatala, ine n'kumawawerengera pakhonde. Mu 1994 anandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Ndikuuzeni chinthu chimodzi chokhudza munthu wophunzira atakula: akhoza kuvomera kuti alibe ndalama, akhoza kuvomera kuti walakwa, koma kunena kuti apa sindikumva, zimenezo zimamuvuta kuposa njala. Amaona ngati akatero amubwezera ku chidindo cha chala.

Mu 1999 kampani ija inagulitsidwa, ndipo ife akale anatichotsa. Ndinakhala miyezi khumi ndi umodzi ndili pakhomo.

2000

Ntchito yatsopano anandipezera ndi mnzanga wina wa kumpingo. Ofesi yake inali zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya zitsulo m'tauni, pafupi ndi msika waukulu. Mwini wake sindimutchula dzina chifukwa ana ake alipo. Tonse tinkamutcha Bwana Fasiti, poti mawu ake anali omwewo: fasiti fasiti. Anali munthu wa zaka zosakwana makumi anayi, woseka ndi aliyense, ndipo pa maliro a m'dera ankatumiza galimoto yake asanapemphedwe.

"Madala, mumawerenga Chingerezi?"

"Ndimawerenga, bwana."

Anandipatsa pepala la masamba awiri. Tsamba loyamba ndinalimva bwino: dzina, nambala ya poloti, ndalama, tsiku lobweza. Lachiwiri linali la zilembo zing'onozing'ono zothithikana. Mawu ndinkawatchula, koma ankangodutsa m'kamwa osalowa m'mutu. Nditamaliza anandifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva.

"Ndiye basi, tagwirizana. Limenelo ndi la maloya, limangonena kuti nyumba ndi chikole. Anthu athuwa akabwera inu muziwamasulira m'Chichewa, fasiti fasiti, akasaina inunso musaine mmunsimu ngati mboni. Ndipo muzivala jekete lanu la kutchalitchi lija. Likukukhalani."

Ndinaona ngati ulemu. Sindinazindikire kuti chimene ankalemba ntchito si Chingerezi changa ayi, koma imvi zanga ndi jekete. Mabanki nthawi imeneyo sankamuyang'ana n'komwe munthu wa nyumba ya ku Chinsapo kapena ku Mgona, choncho anthu ankabwera kwa ife: amayi a geni ya kaunjika, a minibasi amene injini yafa, amasiye ofuna fizi. Ankasiya mapepala a poloti, kusaina masamba awiri aja, kusainanso fomu ya kukhonsolo ya mzinda yosinthira dzina la mwini poloti, yopanda tsiku. Akafunsa za fomuyo ndinkanena zimene anandiuza bwana, kuti ndi mwambo chabe, imakhala m'sefa. Kope la zimene asaina sitinkawapatsa. Ine ndinkayendetsa chala m'mizere ya tsamba lachiwiri ngati ndikuwerenga, pakamwa ndikunena kuti, "Apa akuti nyumba yanu ndi chikole, mukabweza mutenga mapepala anu." Anthu ankayang'ana nkhope yanga, osati pepala.

2001 ndi 2002

Pofika pakati pa 2001 ndinaona kuti nyumba zikupita msanga kuposa mmene chikole chimapitira. Mayi wina wa ku Area 23 anachedwa ndi sabata imodzi yokha, mwezi wotsatira m'nyumba mwake munali alendi a bwana. Ndinakopera tsamba lachiwiri lonse pamanja, n'kubwera nalo kunyumba. Iwe Yohane mwina ukukumbuka kuti ndinabwereka dikishonale yako masabata atatu, ndikumakhala nayo pansi pa mtengo wa mapeyala Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Ndinakuuza kuti ndikukonza ulaliki. Ndinafufuza liwu ndi liwu mpaka tsamba lonse linatseguka. Munalibe mawu oti chikole. Linkanena kuti mwini nyumba waigulitsa pa mtengo wa ndalama zimene walandirazo, kuti walipidwa zonse, ndi kuti ali ndi mwayi woigulanso tsiku lotchulidwa lisanadutse. Likadutsa, mwayiwo watha. Mmunsi, pamene ndinkasaina ine, panali mawu oti ndamuwerengera ndi kumumasulira zonsezi m'chinenero chimene amamva.

Ndinatsimikiza zosiya ntchito mwezi ukatha. Mwezi unatha, ndinati wotsatira. Kenako inafika njala ya 2002. Chimanga chinasowa, abale ochokera ku Ntcheu anadzaza nyumba mpaka ena ankagona kukhitchini, ndipo malipiro a kwa Bwana Fasiti ndi amene ankatidyetsa anthu khumi ndi anayi. Chaka chomwecho iwe Yohane unapeza malo ku koleji. Usadziimbe mlandu, sunandipemphe kuti ndichite zimene ndinachita. Ndinapita kwa bwana ndekha, ndinabwereka K40,000, ndinasiya mapepala a nyumba ino, ndinasaina masamba onse awiri ndi fomu yopanda tsiku ija, ndikudziwa bwino lomwe zimene zalembedwamo. Mayi anu ndinawauza kuti ndi ngongole wamba ya kuntchito. Tsiku lobweza linadutsa, bwana sananene kanthu. Ankangondidula pang'ono pa malipiro, osandiuza kuti zatsala zingati.

2003

A Mhango anali kalipentala wochokera ku Rumphi. Shedi yawo inali ku Mchesi, nyumba ku Biwi, ndipo tinkapemphera mpingo umodzi. Mabenchi a kutsogolo amene munkakhalapo pa Sande sukulu anakhoma ndi iwo, osalipiritsa. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, koma ankanditcha adada chifukwa cha udindo. Tinkanyozana mwachibale. Iwo ankati Angoni a ku Ntcheu timadziwa kachewere basi, ine ndinkati akumpoto amabadwa ndi tayi. Sukulu anaphunzira bwino ku mishoni, Chingerezi chawo chinali choposa changa kutali, koma matenda a shuga anawononga maso awo. Thabwa ankaliyeza ndi zala ndi timizere tozokota pa rula, koma zilembo sankaziona.

Mu Meyi anapeza oda ya madesiki zana ku sukulu ina yoima payokha. Ankafuna ndalama za matabwa. Anabwera ku ofesi chifukwa anamva kuti ine ndili kumeneko.

"Adada, ine akatapila ndimawaopa. Koma ndati pamene pali mkulu wa mpingo, njoka siingagone."

Ndikanatha kuwatulutsa panja, kuwanong'oneza kuti pitani kwina. Bwana anali m'chipinda cham'kati chitseko chili chotsegula, akuwerenga nyuzipepala. Ndinawakhazika pansi. Pepala linati K150,000, m'manja analandira K120,000 poti zina ankadula nthawi yomweyo, ndipo pakutha pa miyezi itatu ankayenera kubweza K240,000. Nyumba yawo inali ya njerwa zootcha, ya zipinda zinayi, ndi ina ya alendi kuseri. Mtengo wake unkaposa miliyoni. Ndinayendetsa chala pa tsamba lachiwiri, ndikunena mawu anga a masiku onse. A Mhango anagwira pepalalo, kulipapasa kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kuliyandikiza kumaso.

"Tsamba ili lada bii ndi mawu. Inu mwamaliza msanga bwanji?"

"Azungu amachulutsa gaga m'diwa, a Mhango. Mfundo yake ndi imeneyo."

Anaseka. "Ndiye ndigwireni dzanja mundiike pamene ndisaine." Ndinawagwira dzanja. Linali lokhakhala ngati sandipepala.

Madesiki anakhoma, sukulu inalipira mochedwa, komabe kutatsala masiku atatu anafika ndi ndalama zonse m'jumbo yakuda, atazimanga ndi mphira. Lamulo la pa ofesi linali lakuti ndalama amalandira bwana yekha. Nditalowa kukawauza, bwana anafunsa kuti ndi a poloti iti. Nditatchula, anatseka faelo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndili ku Blantyre. Ndibwera Lachisanu." Tsiku lomaliza linali Lachinayi. Ndinatuluka n'kunena zomwezo. A Mhango anati palibe kanthu, abweranso mawa mwina bwana afulumira. Ndinawaperekeza. Panja ndodo yawo inagunda tayala, ndipo anaika dzanja pa boneti.

"Galimoto ya bwana si iyi? Ikutenthatu."

"Apita pa basi. Dalaivala ndiye amaiyendetsa."

Anabwera mawa lake, anabweranso Lachinayi, kukhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka tikutseka, jumbo ili pamiyendo. Masiku onsewo bwana ankalowera khomo la kuseri. A Mhango anandipempha kuti ndilandire ine, kapena ndiwalembere kapepala kosonyeza kuti anabwera ndi ndalama. Ndinati ndilibe mphamvu imeneyo. Lachisanu bwana anawalandira ndi manja awiri, kuwagulira fanta, n'kuwauza kuti ndalama zawo abwerere nazo, palibe ngongole yoti abweze, poti nyumba anagulitsa okha mu Meyi ndipo dzina lasinthidwa kale. A Mhango anatembenukira kumene kunali ine. Sanandione, ndinali nditaima pakona. Anangoitana kuti, "Adada?"

2004

Anthu ambiri zikafika pamenepa ankangolira n'kusamuka. A Mhango sanatero. Akazi awo, a NyaGondwe, anawatsogolera ku ofesi ya boma yothandiza anthu osauka pa milandu, ndipo anapatsidwa loya. Loyayo anakatenga chiletso kukhoti lalikulu kuti asatulutsidwe m'nyumba mlandu usanazengedwe, ndipo ndalama za m'jumbo zija anakazisungitsa kukhoti komweko monga umboni woti munthuyu sanakane kubweza. Kutchalitchi a Mhango anasiya kukhala kutsogolo, koma sanakandinenere kwa abusa. Ankakhulupirira kuti nanenso ananamizidwa.

Loweruka lina masana loyayo anafika kuno kunyumba. Anali mtsikana wamng'ono thupi, nsapato zake zitadzaza fumbi poti anatsika minibasi patali. Mayi anu anali ku mapemphero a amayi. Loyayo anakana mpando, anakhala pa khonde.

"Bambo Ngozo, sindinabwere kudzakuopsezani. Ndikufuna mumve mmene mlanduwu ulili. Khoti siliyang'ana mutu wa pepala wokha, limayang'ana chimene anthu anagwirizanadi. Ngati inali ngongole ndipo nyumba inali chikole, ngakhale pepala litati kugulitsa, khoti likhoza kunena kuti ndi ngongole. Likatero pali lamulo lolilola kuunikanso chiwongoladzanja, kuchidula ngati chapyola muyeso, munthu n'kubweza zoyenera n'kutenga nyumba yake. Koma a Mhango alibe kope, alibe lisiti, alibe wowaona akubwera ndi ndalama. Chimene chilipo ndi siginecha yanu, yonena kuti munawamasulira zonse. Mlandu wonsewu wakhala pa inu."

"Nanga ndikanena kuti sindinawamasulire, sandimanga?"

"Sindingakulonjezeni kuti sipadzakhala mafunso. Koma wonena zoona asanalumbire ali pabwino kuposa wolumbira bodza. Ndipo inu ndinu wantchito chabe, nyumba sinapite kwa inu."

Ndinati pali munthu wina amene ndikumudziwa, nayenso anasaina mapepala omwewo, tsiku linadutsa kalekale, koma akadali m'nyumba mwake. Anandiyang'ana, anayang'ana denga la nyumba ino, n'kunena mofatsa kuti, "Munthu winayo abwere Lolemba. Tidzalemba kalata kukhonsolo kuti asasinthe dzina pa poloti yake, tidzamutengera chiletso nayenso. Palibe amene angamutulutse popanda chigamulo cha khoti. Mumuuze asaope, bambo."

Mukuona, ana anga, kuti khomo linalipo. Sindinganame kuti ndinalibe kolowera. Ndipo zimene ananena mtsikana uja muzisunge, poti anthu onga Bwana Fasiti sanathe. Wobwereketsa akakusainitsani fomu yopanda tsiku, akakana kukupatsani kope, akadula ndalama musanazigwire, akafuna mapepala a nyumba ya miliyoni pa ngongole ya matabwa, akayamba kusowa tsiku lobweza likayandikira, ameneyo sakufuna ndalama zanu, akufuna nyumba. Pepala muzipita nalo kwa munthu amene sadya za wobwereketsayo, ngakhale wokuwerengerani pa ofesipo atavala jekete lotani. Akakana kulandira ndalama, pitani ndi mboni ziwiri, lembani kalata, thamangirani kwa loya tsiku lomwelo. Ndipo musasamuke chifukwa cha kalata ya munthu.

Lolemba sindinapite. Chimene chinanditsekereza si ndende ayi. Ndinkaona mpingo wonse ukumva kuti mkulu wawo wakhala zaka zinayi akuyendetsa chala pa pepala n'kumanena zina. Ndinkaona anthu a ku Kawale amene ndinkawawerengera makalata akufunsana kuti, kodi ankawerengadi? Ndinapita kuntchito. Bwana anali atamva kale kuti kwathu kunabwera mlendo. Anatsegula sefa, anatulutsa envulopu ya mapepala a nyumba ino, anaiika patebulo pakati pathu.

"Madala, ine ndi inu ndife amodzi. Nkhani ya ku Biwi ikatha bwino, tikalandira makiyi, mawa lake mudzatenge izi. Ngongole yanu tidzafafaniza." Anaibweza m'sefa. "Ikatha moipa, aaa, ku Kawale anthu ofuna lendi ndi ambiri."

2005

Mlandu unalowa mu Juni. Ndinavala jekete lomwe lija. Ndinagwira Baibulo n'kulumbira. Loya wa bwana anandifunsa ngati ndinawerengera a Mhango masamba onse awiri, ndinati inde. Ngati ndinawauza kuti akugulitsa nyumba, ndinati inde. Ngati anabwerapo ndi ndalama tsiku lisanadutse, ndinati sindikukumbuka.

Kenako anaimirira mtsikana uja. Anandifunsa kuti sukulu ndinalekeza pati, ndinati Sitandade 8. Ndinali ndi zaka zingati polemba mayesowo? Nditayankha, anthu ena kumbuyo anaseka. Iye sanaseke. Ndikuganiza kuti ankafuna kundipatsa njira yopulumukira: akaonetsa kuti Chingerezi cha maloya sindingachimve, ndiye kuti sindikanatha kumasulira, ndipo a Mhango apulumuka popanda ine kuvomera kuti ndinanama dala. Anandipatsira tsamba lachiwiri.

"Bambo Ngozo, tawerengani ndime yachitatu, mutiuze m'Chichewa zimene ikunena. Ngati ikukuvutani, ingonenani kuti ikuvuta. Palibe amene akudzudzuleni."

Chimene ndinkayenera kunena ndi mawu awiri okha: sindikumva, bwana. Koma limenelo linali tsamba lokhalo la Chingerezi pa dziko lonse limene ndinkalidziwa liwu ndi liwu. Ndipo kuseka kuja kunali kukadali m'makutu. Ndinawerenga mokweza osaphonya, ndinamasulira ndime yachitatu, ndinapitirira yachinayi osafunsidwa, mpaka womasulira wa khoti anaika cholembera pansi. Woweruza anagwedeza mutu n'kulemba. Ndikuuzeni choipitsitsa pa zonse zimene ndalemba muno: pa kamphindi kameneko ndinamva kukoma. Loya uja anakhala pansi osafunsanso china.

Panja a NyaGondwe anandidutsa osandiyang'ana, koma a Mhango anawaimitsa atamva mawu anga ndikulankhula ndi dalaivala wa bwana. Anayandikira mpaka ndodo yawo inakhudza nsapato yanga.

"Adada, mumawerenga bwino kwabasi. Ine ndimati mwina simunkamva. Mukanandiwerengera chonchi tsiku lija."

Chigamulo chinatuluka mu Novembala. Woweruza anati umboni ukuonetsa kuti anagulitsa akudziwa, choncho palibe ngongole yoti khoti liunikenso, ndipo chiletso chinachotsedwa. Masherifi anapita ku Biwi sabata yachiwiri ya Disembala, mvula itayamba. Bwana anandituma ine ndi maloko atsopano anayi. Ndinafika masana katundu ali kale panja, ataphimbidwa ndi pepala la pulasitiki, anthu a m'dera ataima m'mbali mwa mpanda. A Mhango anatuluka pomaliza. Anaima pakhomo, akusisita chitseko chimene anakhoma okha, cha mlombwa, n'kuuza sherifi kuti nyengo ya mvula chimatupa, asamachikankhe ndi phazi, azichinyamula pang'ono. Loya uja analiponso. Anabwera pamene ndinaima ine n'kundiuza kuti nthawi ya apilo ikadalipo, ndipo mboni ikabwera yokha kudzalumbira kuti inanama, akhoza kupempha khoti kuti liimitse zonse. "Ndikhala mu ofesi mawa kuyambira 8 koloko," anatero, osadikira yankho. Ndinakhoma maloko anthu onse akuona.

A Mhango anakakhala m'shedi ku Mchesi miyezi iwiri, kenako anabwerera ku Rumphi. Anamwalira mu 2007. Uthenga wa maliro awo unafika ku mpingo pa kapepala, ndipo Lamulungu limenelo wowerenga zolengeza ndinali ine. Kwa Bwana Fasiti ndinagwirako mpaka 2008, pamene anatseka ofesi n'kusamukira ku malonda ena.

Koma ndibwerere ku tsiku la maloko. Nditafika kunyumba sindinadye. Ndinauza mayi anu kuti m'mimba mwandivuta. Ndinatsimikiza mtima kuti kukacha ndipita kwa loya, zikhale mmene zingakhalire, ndipo ndinakonza ngakhale mawu oyambira.

M'mawa ndinavala malaya wamba, jekete ndinalisiya pa msomali. Ndinakwera minibasi mpaka ku depoti. Ofesi ya loya inali kutsidya kwa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, ya bwana inali tsidya lino. Ndinayenda mpaka pa mlatho, ndinafika pakati. Madzi anali ofiira, odzaza, akukokolola mapesi ndi mapepala. Anthu ankandigunda mapewa pothamangira kuntchito. Ndinaima pamenepo mpaka wogulitsa maambulera wina anandifunsa ngati ndataya kanthu. Ndinati ayi. Ndinatembenuka.

Bwana anali atafika kale, envulopu ili patebulo. Fomu yopanda tsiku ija anaing'amba ndikuona. "Madala, ine ndimasunga mawu anga," anatero. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinati zikomo bwana. Kunja kunali kutayamba kuwaza, choncho ndinaika envulopuyo m'kati mwa malaya. Ndi mapepala omwewo amene ali m'sutikesi yakuda pansi pa bedi langa, amene mudzawatsegule pogawana nyumba ino.

Ndinapempha kuti ndikasiye kunyumba, bwana anavomera. Mayi anu ndinawapeza akuchapa kuseri. Ndinawapatsa envulopu n'kuwauza kuti ngongole ija ndamaliza kubweza. Anapukuta manja pa chitenje, anaitsegula, anaona dzina langa, ndipo anagwada pomwepo pamatope. Anayamika Mulungu chifukwa chotisungira nyumba, anapempherera bwana wanga, anapemphereranso banja la a Mhango kuti Ambuye awapezere pokhala ndi kukhudza mtima wa amene anawachita zimenezi. Atamaliza anadikira. Ine ndinati ameni.